Ntchito ya pa shopu ya magalasi ija ndinayamba

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati ntchito yothandizira pa shopu ya magalasi a maso ili ndi tsogolo. Ndinamvera aja munati ndiyambe kaye, za sukulu ndiziganizira ndili momwemo.

Pano ndikutha kuwerenga pepala la dokotala, kuyeza mpata wa pakati pa mboni za maso ndi kuwongola mafelemu. Makina savuta ayi. Chovuta ndi kufotokozera munthu wopitirira zaka 40, amene sakufuna kumva za ukalamba, chifukwa chake zilembo zapafupi zikumuvuta.

Inu mukubwera m'mbuyomu, dziwani kuti wothandizira salemba mphamvu ya magalasi, imeneyo ndi ntchito ya optometrist (katswiri woyeza maso), yofuna zaka zingapo kukoleji. Funsani msanga ngati abwana angakuloleni kuphunzira uku mukugwira ntchito. Anga avomera.