Kabokosi ka firewall ku lodge ya ku Area 43: tiikemo chiyani?

Wofunsa, Area 25: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndapatsidwa ntchito yoika firewall (kabokosi koteteza ndi kugawa intaneti) pa lodge ina ku Area 43, zipinda 14 ndi ofesi. Mwini wake sakufuna kugula chatsopano, wandipatsa kakompyuta kakale: RAM 2GB, disiki 16GB, madoko awiri a netiweki a Realtek. Ali ndi fiber, komanso dongle ya 4G yoti izigwira fiber ikaduka. Alendo akayamba kuonera mpira usiku, ku reception imelo siyenda. Ndimaganiza zoikamo pulogalamu ya firewall ya pfSense.

Mkulu wa ku Kanengo: Achimwene, mwatchula Realtek ndiye imani kaye. pfSense ndi inzake OPNsense zonse zimakhala pa system yotchedwa FreeBSD, ndipo FreeBSD imagwirizana bwino ndi makhadi a Intel. Realtek imayenda, koma ikapanikizika imatha kungoti zii mpaka muzimitse n'kuyatsanso. Ine zinandionekera pa ofesi ina, ndinkakwera minibasi kawiri pa sabata kukangodina batani.

Mayi a ma server, City Centre: Ine ndine wa OPNsense, ndisabise. Inatuluka mu pfSense mu 2015, imatulutsa mtundu watsopano Januwale ndi Julaye, ndipo maonekedwe ake ndi osavuta. Koma pa kabokosi kanuko sindingakunamizeni. 2GB ingokwanira kuyatsa, mukafuna Suricata, yogwira olowerera pa netiweki, mwagwa nayo. Funso langa ndi lina: pali UPS, batire yogwira magetsi akathima?

Wofunsa: Palibe mayi. Jenereta ilipo koma mlonda amaliza pakapita mphindi zingapo.

Mayi a ma server: Ndiye nkhani yagona pamenepo. Magetsi akathima mwadzidzidzi, disiki yosungira mafayilo mwa njira ya UFS nthawi zina imadzuka yosokonezeka. Ngati mukakamira pfSense sankhani njira ina ya ZFS poika. Koma ZFS nayo imakonda RAM, ndiye onani nokha.

Mnyamata wa ku Biwi: Mabwana, bwanji osangogula karouta ka MikroTik hEX basi? Mulowa ndi pulogalamu yake ya Winbox, muika queue yogawa liwiro ndi failover yosinthira ku 4G, zatha. Sidya magetsi, kabatire kakang'ono imakhala tsiku.

Wofunsa: Aise, ndanena kale kuti abwanawo ndi ouma manja. Ngakhale waya ndagula ndi ndalama yanga.

Mkulu wa ku Kanengo: Ikani system ya OpenWrt ya x86, yopangidwira ma PC. Anthu amaiona ngati ya tima router ta m'nyumba chifukwa inayambira pa Linksys WRT54G mu 2004, koma pa PC imathamanga bwino. Ndi Linux, ndiye Realtek yanu ndi dongle sizivuta. Pokopera, tengani image (fayilo yoikira) ya mtundu wa squashfs osati ext4. Mu squashfs mtima wa system sulembedwapo, zosintha zanu zimakhala padera, ndipo ma log amakhala mu RAM. Magetsi azithima mmene angafunire. Mukasokoneza zinthu, lembani lamulo la firstboot, yabwerera mwakale.

Za mpirazo ikani pulogalamu yogawa liwiro ya luci-app-sqm, sankhani njira yotchedwa cake. Yezani liwiro la fiber masana ndi usiku, kenako lembani nambala yotsikirapo pang'ono, mwina 90 pa 100 ya yomwe mwapeza. Anthu ambiri amalemba nambala ya pa risiti ya kampani, n'kumadabwa kuti palibe chasintha. Mzere wa data yodikira uyenera kupangika m'bokosi lanu, osati kwa ogulitsa intaneti, apo ayi cake alibe choti agawe. Za kusinthana fiber ndi 4G ikani pulogalamu ya mwan3.

Mayi a ma server: Ndikuvomera, ngakhale zikundiwawa. Muwonjeze izi. OpenWrt imadzuka ndi adilesi ya 192.168.1.1, ndipo modemu ya fiber kawirikawiri imakhalanso pomwepo. Sinthani adilesi ya LAN (netiweki ya mkati) musanalumikize. Komanso alendo asakhale pa netiweki imodzi ndi kompyuta ya reception, apatseni VLAN (chigawo chapadera cha netiweki) yawo ngati switch ikulola.

Mnyamata wa ku Biwi: Dongle ngati ndi Huawei ya HiLink ioneka ngati khadi la netiweki, pa 192.168.8.1. Koperani mapulogalamu oyendetsera dongle a usb-modeswitch ndi kmod-usb-net-cdc-ether fiber ikadalipo, chifukwa ikaduka mukopera ndi chiyani?

Wofunsa, mawa lake: Zatheka akuluakulu. Ndinazula fiber dala, 4G inalowa yokha. Koma nditazimitsa pa soketi n'kuyatsanso, kabokosi sikanadzuke mpaka nditadina batani.

Mkulu wa ku Kanengo: Imeneyo si OpenWrt, ndi BIOS, ma settings a kompyuta omwe mumalowamo ikangoyaka. Pezani pomwe palembedwa za AC power loss, ikani Power On. Musinthenso kabatire kozungulira ka CR2032, kakafa iziiwala.