Kodi “chakudza sichiimba ng’oma” amanena za tsoka lokha?

Mayi wa ku Leeds:

Akuluakulu, ndithandizeni. Kuno ku England tili m’masiku aja amene dzuwa limakana kulowa. Pa 21 Juni limatuluka 5 koloko isanakwane, n’kukalowa 9 koloko ya usiku itadutsa kale, ndipo ngakhale litalowa kunja kumayerabe. Kwathu ino ndi nthawi yootha moto, mbatata ili paphulusa. Mwana wanga wamkazi anapatsidwa ntchito kusukulu yoti alembe za chinthu chachikulu chimene chinachitika m’masiku amenewa, ndipo anasankha 22 Juni 1941, tsiku limene Hitler anatumiza asilikali oposa 3 miliyoni kukathira nkhondo Soviet Union. Akundiwerengera kuti linali Lamlungu m’bandakucha, anthu ali mtulo, ndege zambirimbiri n’kuphulitsidwa zili pansi zisananyamuke n’komwe, mawu anangotuluka okha mkamwa mwanga: chakudza sichiimba ng’oma.

Iye anamva ngati ndati “chakudya”. Nditamukonza anandifunsa kuti, amayi, chakudza n’chiyani, nanga ng’omayo ikulowapo bwanji? Ndinamuyankha mwachidule kuti tsoka silinena kuti ndikubwera. Koma yankholo silinandikhalitse mtima pansi. Mwambiwu ndinkaumva kwa malemu bambo anga, ndipo iwo sankaunena pamaliro pokha. Ankaunena ali pamwamba pa nyumba akufolera mu Okutobala, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Ankaunena mayi akafuna kugulitsa thumba lomaliza la chimanga. Tsiku lina anaunena akuseka, kalata yoti mlongo wanga wasankhidwa kupita ku sekondale ili m’manja. Ndiye kodi chakudzacho ndi tsoka lokha? Kodi mwambiwu ndi wochenjeza kapena ndi wopepesa? Bambo anatisiya ndisanawafunse.

Mphunzitsi wopuma, Dedza:

Mayi, mwana wanu wafunsa bwino. Tiyambe ndi mawuwo. “Kudza” ndiye kubwera. Ana a lero sawagwiritsanso ntchito kwenikweni, koma amawatchula Lamlungu lililonse osazindikira: “Ufumu wanu udze.” Ngakhale “-dza-” amene ali mu “ndidzapita”, “tidzaonana”, ndi mawu omwewa atakhazikika pakati pa mneni. Choncho chakudza ndi chinthu chimene chili m’njira, chanyamuka kale kumene chikuchokera koma sichinafike pakhomo panu.

Za ng’oma zimafuna munthu amene anakulira kumudzi. Kukakhala gule, anyamata amakoleza moto wa udzu chakumadzulo n’kumawamba ng’oma. Wina amaiyesa ndi chala, n’kuibwezeranso pamoto, mpaka chikopa chitakungika. Mbalule ikangolira kamodzi, midzi itatu yamva. Mayi amapakula nsima msanga, mwana amathamanga kukatsekera mbuzi, wotchona kumowa amayamba kufunafuna ndodo yake. Ng’oma imakupatsani mpata. Ndipo onani kuti zonse zoimbiridwa ng’oma ndi zokonzedwa ndi anthu, tsiku lake anachita kupangana kwa amfumu. Nthenda, moto, chilala, nkhondo, izi sizipita kwa amfumu kukapempha bwalo.

Ine ndimati ndi mwambi wochenjeza, ndipo bambo anu ankaunena pamalo pake ali padenga paja. Zimandiwawa kuti masiku ano tausandutsa chipepeso. Nyumba yagwa kale, munthu akulira, ife n’kumati pepani, chakudza sichiimba ng’oma. Akuluakulu ankaunena nyumba isanagwe.

Wophunzira wa ku Zomba:

Bambo aphunzitsi, pa tanthauzo ndikugwirizana nanu. Koma mundikhululukire, pa nkhani ya 1941 mwambiwu sukukwanirapo. Ng’oma inalira, ndipo inalira mpaka kung’ambika.

Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, anali atapangana ndi Hitler pa 23 Ogasiti 1939 kuti sadzamenyana, ndipo anakakamira panganolo. Mu Epulo 1941 Churchill, nduna yaikulu ya Britain, anamutumizira uthenga womuchenjeza, iye n’kuganiza kuti a ku Britain akungofuna kumukokera m’nkhondo yawo. Richard Sorge, kazitape wake amene ankakhala ku Tokyo ngati mtolankhani, anatumiza mauthenga akuti Ajeremani akubwera. Ndege za Germany zinkadutsa malire kudzajambula, asilikali a m’malire akuziona ndi maso. Kutatsala sabata imodzi, boma la Soviet Union linalengeza kudzera ku bungwe lake lofalitsa nkhani la TASS kuti nkhani za nkhondozo ndi mphekesera chabe. Madzulo a 21 Juni msilikali wa Germany dzina lake Alfred Liskow anathawa kwa anzake, n’kusambira kuwoloka mtsinje wa Bug kukanena kuti kukacha ziyambika. Pamene zonsezi zinkachitika, sitima zonyamula tirigu zinali zikuwolokabe malire kupita ku Germany.

Nkhondo itayamba amene analankhula pa wailesi masana a tsikulo ndi Molotov, nduna yoona za maiko akunja. Stalin mwiniwake anadzalankhula kwa anthu ake pa 3 Julayi. Pofika 1945 dzikolo linali litataya anthu pafupifupi 27 miliyoni. Ameneyu si munthu amene chinamudzidzimutsa ayi, ndi uja anamva nkhwangwa ili m’mutu. Komanso mbiri yomwe inali itamutsina khutu, chifukwa Napoleon wa ku France naye anawoloka mtsinje wa Neman kulowa mu Russia pa 24 Juni 1812. Nyengo yake ndi yomweyi, matope atauma, usana utatalika, asilikali atha kuyenda mtunda wautali kusanade. Tikanena kuti chakudza sichiimba ng’oma pamenepa, ndiye kuti tikumuchotsera mlandu.

Mphunzitsi wopuma, Dedza:

Mwanangu, mbiri ukuidziwa kuposa ine, ndipo ndakondwa. Koma taonanso zimene watchulazo. Kalata ya munthu amene sumukhulupirira. Uthenga wachinsinsi wochokera ku Tokyo. Msilikali mmodzi wonyowa amene watuluka mumtsinje usiku. Kodi imeneyo ndi ng’oma? Ng’oma saiimba monong’ona, ndipo saikayikira. Mwini gule ndiye amaiimbitsa kuti aliyense amve. Mwini gule wa 22 Juni anali Hitler, ndipo kazembe wake ku Moscow anakauza Molotov za nkhondoyo mabomba atayamba kale kugwa.

Mwambiwu sunena kuti chakudza chilibe mapazi. Umanena kuti sichidzakuitana. Mvula yoyamba siimba ng’oma, komabe mlimi amaona mitengo ya kuthengo ikuphukira masamba ofiira, amamva kutentha kwasintha, amaona nyerere zikusamutsa mazira. Bambo a mayiwa ankafolera chifukwa cha zimenezo. Wopusa ndi amene amati ndidikire kaye ndimve ng’oma. Stalin ankadikira ng’oma. Mwambiwu sukumuchotsera mlandu, ukumumanga.

Wa ku Mangochi:

Moni nonse. Bambo aphunzitsi, mawu anu ndawamva, koma pali anthu ena amene ngakhale nyererezo sakanaziona. Ndikufuna ndionjezepo tsiku lina la kumapeto kwa Juni, chifukwa mathero ake ndimawadutsa tsiku ndi tsiku popita kumsika.

Pa 28 Juni 1914 ku Sarajevo, Franz Ferdinand, amene ankayembekezeka kulowa ufumu wa Austria-Hungary, anawomberedwa pamodzi ndi mkazi wake Sophie. M’mawa womwewo munthu wina anali atawaponyera bomba, n’kuvulaza a m’galimoto ya pambuyo. Pambuyo pake akupita kukazonda ovulalawo kuchipatala, woyendetsa anakhotera msewu wolakwika, n’kuima kuti abwerere, pafupi penipeni ndi pamene panaima Gavrilo Princip, mnyamata wa zaka 19. Imfayo inabutsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo pa 4 Ogasiti Britain inali italowa m’nkhondo ndi Germany.

Tsopano bwerani kunyanja kwathu kuno. M’mwezi womwewo wa Ogasiti sitima ya nkhondo ya Britain yotchedwa Gwendolen, woyendetsa wake Rhoades, inapita ku Sphinxhafen, kumene lero timati Liuli ku Tanzania. Inakapeza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe, n’kuiwombera. Nkhani imati woyendetsa wa Chijeremaniyo, amene anali mnzake wa Rhoades, anapalasa bwato mokalipa kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Sankadziwa kuti kunja kuno kwayamba nkhondo. Mfuti ya Gwendolen ili pano pa Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija, ana amakwerapo pojambulitsa. Pa 9 Sepitembala 1914 nkhondo inafika pa Karonga. Mu Novembala John Chilembwe analemba kalata ku Nyasaland Times yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene sakuidziwa mutu wake. Pomwe inkatha, anthu a m’dziko muno pafupifupi 200,000 anali atasenzapo katundu wa asilikali ngati amtengatenga.

Mmodzi mwa iwo anali agogo awo a mayi anga. Zimene zinatsala m’banja mwathu ndi izi zokha: anawatenga akuwamba nsomba, anasiya usipa uli pathandala, ndipo sanabwerere. Dzina lawo sindinalionepo pa chipilala chilichonse. Ndiye ndifunse, bambo: munthu ameneyu akanaona chizindikiro chanji? Sarajevo sanaimvepo. Akanakonzekera bwanji galimoto yokhotera msewu wolakwika kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu? Kwa iye ndi kwa mkazi amene anatsala ndi ana, ine ndikuona kuti mwambiwu unali chipepeso ndithu, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Nthawi zina munthu amafunika kumva kuti si iwe unalakwa.

Mphunzitsi wopuma, Dedza:

Achimwene, apa mwandigwira. Ndinathamanga kunyoza chipepeso. Kwa mfumu imene ili ndi akazitape ndi chidzudzulo, kwa msodzi wa usipa ndi mawu opukuta misozi. Pepani chifukwa cha agogo.

Mayi wa Mvano, Chipata:

Mwakhala mukukamba za nkhondo zokhazokha, funso lina la amayi a ku Leeds mwalisiya. Anafunsa chifukwa chake atate awo anaunena mwambiwu akuseka.

Achemwali, tsiku lalikulu la nyengo imene muliyo ku Ulaya ndi la kubadwa kwa mwana. Pa 24 Juni mipingo yambiri imakumbukira kubadwa kwa Yohane M’batizi, miyezi isanu ndi umodzi Khirisimasi isanafike, pakuti Luka amanena kuti mngelo anapita kwa Mariya pamene Elizabeti anali m’mwezi wachisanu ndi chimodzi. Moto waukulu umene amakoleza ku Denmark madzulo a 23 Juni umatchedwa ndi dzina lake, ndipo ku Finland chikondwerero chonsecho amachitcha juhannus, kuchokera ku dzina lomwelo. Koma tsegulani Luka 1 muone mmene mwanayo anadzera. Zakariya anatsekeka pakamwa, osatha kuuza ndi mnansi yemwe. Elizabeti, nkhalamba imene anthu anali ataiwerengera kale kuti ndi wouma, anadzibisa miyezi isanu. M’nyumba yonseyo munalibe woimba ng’oma.

Ife akazi izi timazidziwa. Kwathu pakati salengeza. Mtsikana akaima, anamkungwi amapita mwakachetechete kukamulangiza, enafe timangoona chitenje chakwera n’kukhala chete. Sufunsa kuti ndi liti. Mwana amene ali m’njira timamulemekeza ndi kusamutchula, ndipo nthungululu zimadza iye atafika. Amayi anga ankasunga nsalu yatsopano imodzi pansi pa sutikesi, yosavala, ndipo ndikawafunsa ankati mlendo sanena tsiku. Ndiye chakudza si tsoka lokha ayi. Mawuwo akanakhala a tsoka lokha akanati “choipa”. Anati chakudza, chifukwa pamene chili m’njira sudziwa ngati chasenza maliro kapena chasenza mwana. Atate anu anaona kalata ya sukulu, mwina ndalama ya fizi ndi bulangete alibe, n’kuseka kuti nachonso chabwino chawapeza asanakonzeke.

Wophunzira wa ku Zomba:

Amayi, zimenezo sindinaziganizepo. Komabe pa Stalin ndiimabe pomwe ndinaima. Munthu atauzidwa kambirimbiri chotero, ine sindingamuikire mwambi umodzi ndi msodzi wa ku Mangochi.

Mayi wa ku Leeds:

Zikomo nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndinapempha. Amayi a ku Chipata, mwalasa. Ndaimbira mlongo wanga uja ndipo akukumbukira bwino: usiku womwewo bambo anapita kwa atsibweni kukabwereka ndalama, m’mawa mwake n’kugulitsa mbuzi yaikazi imene ankaikonda. Ine ndinali wamng’ono, ndinangosunga kuseka kwawoko.

Mwana wanga ndamuwerengera zonse, pena ndikumasulira. Chamugwira mtima kwambiri ndi usipa wotsala pathandala uja, moti akufuna tikadzabwera kumudzi tidzapite ku Mangochi akaone mfutiyo. Mwambiwu waulemba pamwamba pa ntchito yake m’Chichewa, ndipo ulendo uno walemba “chakudza” molondola. Pansi pake walemba za Liskow akusambira mu Bug. Wati za mkangano wa aphunzitsi ndi achimwene a ku Zomba akafunsa anzake m’kalasi kuti agamule.

Pano ndi 10 koloko ya usiku ndipo ndikulemba osayatsa nyali. Ndamufunsanso mlongo wanga za denga la nyumba ya mayi, wati malata awiri a kukhitchini anayamba kudontha mvula yathayi ndipo palibe anakwerapo. Tapangana kuti asadikire Okutobala.