Za ulendo wanga wochoka ku Upington kupita ku Durban: mmene zathera

Miyezi inayi yapitayo ndinafunsa zoti ndikonzekere posamuka ku Upington, m'mphepete mwa chipululu cha Kalahari, kukakhala ku Durban. Amene munati ndisaope dzuwa koma chinyezi, munanenetsa.

Ku Upington kumafika madigiri 40, koma ukachita thukuta limauma pompo, ndipo chochapa m'mawa umavala masana. Kuno ngakhale pa 29 umangomata thupi lonse, kusamba ngati sunasambe. Thaulo limagona lonyowa. Nsapato zanga zachikopa ndinazitsekera m'sutikesi milungu itatu, potsegula zonse zayanga chuku, lamba yemwe. Ufa ndiye unandikhumudwitsa: ndinagula thumba la makilogalamu 25 ngati kale, lisanafike theka linayamba fungo. Pano ndikugula la 5, ndikusunga m'chigoba chotseka bwino.

Amene munati bedi ndi wadirobu zisagunde khoma, zikomo, zathandiza. Fani ndinagula. Njinga yayamba kale dzimbiri chifukwa cha mphepo yamchere ya kunyanja.

Chabwino n'chakuti milomo ndi zidendene zinasiya kung'ambika, Vaseline wangokhala. Koma za apusi palibe anandichenjeza! Dzulo wina walowa pazenera n'kuthawa ndi nthochi zanga.