Nkhani ya thobwa ija, ndabweranso

Mukukumbuka mwezi watha ndinafunsa kuti thobwa langa bwanji likumangokhala ngati phala lozizira, osatsekemera olo pang'ono? Ambiri munati thira shuga basi. Ena munati pita kwa agogo ukaone ndi maso, nde ndinapitadi kumudzi ku Ntcheu weekend yapitayi.

Abale, ine zaka 41 koma ndinakhala ngati mwana wa sitandade 1. Vuto kumene linali loti chimera ndimathira phala likadali moto. Agogo anangopisa chala mu mphika nkuti "iwe, ukupha chimera, dikira lifunde kaye ngati madzi osambitsira khanda." Tinadikira, anathira chimera cha mawere chomwe anameretsa okha mu chiguduli nkuyanika padzuwa, anavundula ndi mthiko ndipo phala lolimba lija linayamba kusungunuka ndikuona. Linagona usiku wonse, m'mawa tinaliwiritsanso, kutsekemera kwake shuga osathira ngakhale supuni imodzi. Anandichenjezanso kuti ukalisunga masiku ambiri limasasa, ukaledzeretsa ana a eni.

Chondiseketsa nchoti madzulo zinatembenuka, mdzukulu wawo wa Fomu 2 anawakhazika pamkeka kuwaphunzitsa kuona balansi pa Airtel Money, agogo kumangodina *211# nkuiwala pin, mwana kumawakalipira "agogo ndakuuzani kale!" iwo kumangoseka. Pin yo akuti aisunga pakapepala mu mpango, tawaletsa koma kaya.

Chimera andipatsa chodzadza jumbo, Loweruka ndiyesa ndekha kuno ku Lilongwe.