Ngongole ya Amake Mapasa: kukhoti kapena kwa nyakwawa?

Wapampando: Amayi, kugawana ndalama za banki m'khonde yathu ndi pa 14 Disembala. Buku likuonetsa kuti Amake Mapasa atsala ndi K180,000 pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndipo miyezi itatu idakwana kale. Titani?

Wosunga kiyi: Nanga n'kufunsanso? Mawa tipite tonse tikanyamule makina awo osokera aja.

Mlembi: Ayi mayi, mutimangitsa. Olanda katundu ndi masherifu, nawonso amabwera ndi chikalata cha khoti mlandu utagamulidwa. Ife tikakalowa m'nyumba ya eni, mlandu utitembenukira.

Wosunga kiyi: Ndiye kupolisi basi.

Mlembi: Ngongole si kuba. Apolisi akangotilozera kubwalo la majisitireti kuboma. Kumeneko timakadandaula kwa kalaliki, timalipira ndalama yotsegulira mlandu, wangongoleyo amapatsidwa chisamani. Kukhala ndi loya si kokakamiza. Majisitireti amamva mbali zonse, amaona buku, mapasibuku ndi malamulo a gulu omwe tidasainira. Akhoza kulamula kuti ndalama ibwezedwe yonse kapena pang'onopang'ono. Wosakhutira amakachita apilo ku High Court.

Amake Mapasa: Ndikuwerengatu zonsezi, sindinatuluke pagulu pano. Ngongole sindikukana. Koma K180,000 yachokera kuti? Mu Okutobala ndidatumiza K60,000 pa Mpamba kwa amsungichuma, sabata ija ndinali kuchipatala ndi mwana. Uthenga wake ulipo m'foni muno.

Msungichuma: Iiii, achemwali, opani Mulungu! Ija sinali ya chimanga chomwe mudatenga kwathu?

Amake Mapasa: Ya chimanga ndidapereka pamanja kwa bambo akunyumba kwanu. Afunseni.

Mlembi: Mwaonatu. Kukhoti funso loyamba likhala lomweli, ndipo foni ya amsungichuma ikafunikanso. Lamulo lathu limati ndalama iperekedwe pamkumano, aliyense akuona, iwerengedwe, ilembedwe. Tonse tidalilekerera lamuloli, ineyo ndimangomva kuti uje watumiza pafoni.

Msungichuma: Ndiye mukuti ndadya ndalama ya gulu?

Wapampando: Palibe wanena zimenezo. Mtima pansi.

Agogo: Ana inu, kuboma n'kutali. Kabaza kupita ndi kubwera, anthu atatu, mlandu n'kuimitsidwa mubwerenso tsiku lina, ndalama yake ichokera m'bokosi lomweli. Disembala afika chigamulo chisanatuluke, feteleza tigula ndi chiyani? Yambani kwa anyakwawa.

Wosunga kiyi: Anyakwawawo ndi amalume awo a Amake Mapasa, agogo. Tisanamizane.

Agogo: Akakondera tipita kwa agulupu. Khoti silithawa.

Amake Mapasa: K120,000 yomwe ndikuidziwa ine, theka mudule pamasheya anga, yotsalayo ndibweza ndikasoka mayunifolomu a sukulu. Koma makina anga asakhudzidwe, ndisoka ndi chiyani?

Mlembi: Zimenezo zilembedwe, musainire, mboni ziwiri. Zikadzakanika, pepala lomwelo ndi lomwe tidzapite nalo kwa majisitireti.

Wapampando: Lachinayi 2 koloko, pakhonde pa agogo. Amsungichuma, mubwere ndi foni yanu ndi bambo akunyumba. Wochedwa K500 monga mwa nthawi zonse.

Msungichuma: Abambowo ali kunyanja, abwera Loweruka.

Wapampando: Tidzawaimbira foni pomwepo, aliyense akumva.