Ndikufuna kuyenda Camino de Santiago ndekha, ndiyambire pati?

NaPhiri_Leeds:
Moni nonse abale. Ndine mayi wa zaka za m'ma 50, ndimasamalira okalamba kuno ku Leeds. Mwana wanga atachira matenda amene anatisautsa chaka chatha, ndinalonjeza Mulungu kuti ndidzayenda wapansi kukafika kumanda a Yakobo Woyera ku Santiago de Compostela, ku Spain. Kuntchito andipatsa masabata awiri mu Seputembala. Ena akundiuza kuti ulendo weniweni umayambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port ku France, koma bondo langa lamanzere limavuta. Mnzanga wakutchalitchi amene tinkati tipitire limodzi wasintha maganizo. Kodi mzimayi angayende yekha osaopa? Nanga ndinyamule chiyani?

BamboMbewe:
Mayi, tithokoze Mulungu kuti mwana wachira. Za Saint-Jean zisiyeni kaye. Kuchokera kumeneko ndi makilomita pafupifupi 780, ulendo wa mwezi wathunthu kapena kuposa, ndipo tsiku loyamba lomwelo mumakwera mapiri a Pyrenees mamita opitirira 1,200 musanatsikire ku Roncesvalles. Bondolo lingakukanikeni musanafike n'komwe ku Pamplona. Yambirani ku Sarria, pamene patsala makilomita pafupifupi 115. Satifiketi yotsimikizira kuti mwatsiriza ulendowu, imene amati Compostela, amapatsa aliyense amene wayenda pansi makilomita 100 omaliza. Ambiri amagona ku Portomarín, Palas de Rei, Arzúa ndi O Pedrouzo n'kukafika tsiku lachisanu, koma inu nthawi muli nayo, gawani masiku 7 kapena 8. Makamaka kuchoka ku Palas de Rei kupita ku Arzúa, makilomita pafupifupi 29, dulani pakati mukagone ku Melide.

Chimene chimabweza anthu panjira imeneyi si akuba ayi, ndi mapazi. Nsapato gulani panopa, zokulirapo pang'ono chifukwa mapazi amatupa, ndipo muzizivala popita kuntchito mpaka zifewe. Masokosi a thonje asiyeni kunyumba, amasunga thukuta. M'mawa uliwonse pakani Vaseline pakati pa zala ndi kuchidendene. Mukangomva penapake pakutentha ngati mwalowa kamchenga, khalani pansi pomwepo, vulani nsapato, matanipo pulasitala. Musanene kuti ndikaona ndikafika. Ine ndinapeza mtsikana atakhala pamasitepe aatali aja olowera mu Portomarín, sokosi itamatirira pachilonda, akuithira madzi a m'botolo pang'onopang'ono kuti ichoke. Anali atayenda ndi thuza kuyambira m'mawa poopa kutsalira anzake.

Tengani ndodo ziwiri zoyendera, zimathandiza bondo potsetsereka. Chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwanu, wa makilo 70 anyamule makilo 7 basi. Zovala ziwiriziwiri, china kuvala china kuchapa. Jekete yamvula musaisiye, ku Galicia, chigawo cha Spain chimene muziyendamocho, mvula sipangana ndi munthu. Ndipo chitenje chimodzi chilowemo, mudzapukutira, kuyala pabedi, ngakhale kutchingira posintha zovala m'chipinda cha anthu ambiri. Bondo likayamba kudandaula, a Correos, positi ya ku Spain, amanyamula chikwama kukachisiya kumene mukagone, inu n'kulipira mayuro ochepa.

NaChisale:
Achemwali, ine ndinayenda ndekha ndipo sindinaone choopsa. Kuyambira ku Sarria anthu amakhala ambiri, mukacheuka mumaona wina kumbuyo. Tsatirani mivi yachikasu ndi zipilala za chizindikiro cha chigoba, mukayenda kanthawi osaona muvi bwererani pamene munauona komaliza. Chimene sindigwirizana nacho n'kunyamuka 5 koloko ndi tochi pofuna kukapeza bedi. Mu Seputembala kumeneko dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko, ndipo m'nkhalango za bulugamu zija mdima umachedwa kuchoka. Dikirani kuyere, kapena tulukani pamodzi ndi anzanu a mu albergue, nyumba zogona apaulendo zija.

Nambala yangozi ndi 112. Ikaninso AlertCops pafoni, ndi ya apolisi a ku Spain, imawaonetsa pamene muli. Madzulo aliwonse uzani mwana wanu mudzi umene mwagona ndi umene mukupita mawa. Pasipoti, khadi ndi ndalama zikhale m'kachikwama ka m'chiuno, kubafa mulowe nako, pogona kakhale pathupi.

Samalani ndi misewu. Ku Spain magalimoto amayenda kumanja, osati kumanzere ngati kwathu ndi ku UK, ndiye podutsa maso amathamangira mbali yolakwika. Pamene palibe kanjira ka oyenda pansi, yendani kumanzere kuti muziona galimoto ikubwera. Pampopi pakalembedwa "agua no potable" musamwe. Musanagone yang'anani m'misoko ya matiresi, timadontho takuda ndi chizindikiro cha nsikidzi, ndipo chikwama musachiike pabedi.

Kondwa_Mcr:
Anti, ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi mufunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Spain, chilolezo chokhalira ku UK sichilowetsa ku Spain. Amalola kufunsira kutatsala miyezi 6, ndiye musachedwe, malo a apointimenti amadzaza nyengo yotentha. Adzafuna inshuwalansi ya mayuro osachepera 30,000 ndi umboni wa kumene muzikagona, choncho sungitsiranitu malo m'ma albergue omwe si aboma. Kabuku kodindamo zidindo, credencial, mungakapeze ku Confraternity of Saint James ku London musananyamuke.

NaPhiri_Leeds:
Zikomo kwambiri nonse, mtima wakhala pansi. Za viza ndiyamba sabata ino. Koma Bambo Mbewe, chinthu chimodzi chikundivuta. Ndikayambira pafupi chonchi, chikwama n'kupatsanso galimoto, kodi lonjezo langa silichepa?

BamboMbewe:
Mayi, munalonjeza kuyenda kukafika kwa Yakobo Woyera, simunatchule France. Akale ankayambira pakhomo pawo, aliyense ndi mtunda wake. Ngati mtima ukukayikabe kambiranani ndi abambo mfumu a parishi yanu, ndipo muwapemphe akudalitseni musananyamuke. Ku ofesi ya apaulendo pa msewu wa Rúa das Carretas ku Santiago, kumene amapereka Compostela, amayang'ana zidindo, ziwiri tsiku lililonse m'makilomita 100 omalizawo, za chikwama safunsa. Zidindozo mumadinditsa kutchalitchi, kumalo odyera ndi kumene mwagona, musaiwale n'tsiku limodzi lomwe. Misa ya apaulendo imakhalako 12 koloko masana, koma m'tchalitchi chachikulu cha ku Santiago chimene mumachitikira Misayo salola kulowa ndi chikwama chachikulu, kachisiyeni kaye kumene mukagone ndipo mufike msanga kuti mupeze pokhala.