Dropper yanga yayamba kukakamira komanso kutsika yokha, ndiitaye?

wa_ku_Senga:

Moni nonse. Ndili ndi mountain bike ya kaunjika yomwe ndinagula ku Lilongwe chaka chatha. Alamu anga pobwera kuchokera ku Johannesburg anandibweretsera dropper, chitsulo cha chishalo chija chimatsika ndi kukwera ukakanikiza kaliva ka pa hendulo. Ndi yotchipa, saizi yake 30.9, imatsika 125 mm, ndipo kebulo yake imadutsa kunja poti felemu yanga ndi yachikale, ilibe kabowo kolowetsera mkati.

Miyezi yoyambirira inali bwino kwabasi. Loweruka ndimadzuka dzuwa lisanayambe kuwawa, kukwera tinjira ta m'mapiri a kuno ku Senga Bay, ndiye potsika pa miyala paja ndimangotsitsa chishalo, thupi n'kubwerera m'mbuyo, mtima uli m'malo. Kale ndinkatsika njinga n'kumaikankha ana akundiseka.

Pano zavuta. Ndikakanikiza kaliva, chishalo chimakwera mwaulesi, nthawi zina chimaima pakati mpaka ndichikoke ndi dzanja, ndipo chimamveka kwecherekwechere ngati ukutafuna mpunga wa mchenga. Chikafika pamwamba ndikakhalapo, chimalowa pansi pang'ono, mwina ngati kunenepa kwa chala, kofewa ngati siponji. Chimagwederanso uku ndi uku.

Ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza njinga pa Kamuzu Road. Ndi katswiri, wilo yopindika amaiwongola uli poyimirira, koma chitsulo ichi anachitembenuzatembenuza n'kunena kuti n'chimodzimodzi ndi cha mpando wa mu ofesi, tichidule ndi sowo tione zamkati, apo ayi tithiremo oyilo wa injini. Ndinathokoza n'kuchitenga. Alipo anakonzapo chotere? Kapena zotchipazi moyo wake ndi womwewu?

Kabaza_wakale:

Achimwene, Salima yosalala chonchi mukufuna chishalo chovina cha chiyani? Ife chathu tinamanga kamodzi, mpaka lero chikunyamula anthu ndi matumba a mpunga. Bwezeretsani chakale chija mugone tulo.

Mkulu_wa_ku_Dwangwa:

A Kabaza akuseka, koma sanatsikepo pa miyala ndi chishalo chili m'mimba.

Achimwene a ku Senga, mwachita bwino kukana sowo. Bamboyo sananame kwenikweni: zotchipa zambiri mkati mwake muli katiriji yotsekedwa kufakitale, yofanana ndi ya mpando wa mu ofesi, ndipo muli mpweya wopanikizika kwambiri. Kuidula ndi kuika maso anu pachiswe, ndipo simungaibwezeretsenso.

Koma matenda mwatchulawo si amodzi, ndiye musawapatse mankhwala amodzi.

Kukakamirako ndi mchenga, ndikulumbira. Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi vuto limeneli, makamaka mwera ukamawomba. Fumbi limamata pa chitsulo chosalala chija, ndiye ukatsitsa chishalo limakankhidwira pa kalabala ka pakamwa, pang'onopang'ono n'kulowa mkati kukasakanikirana ndi girizi. Zimasanduka phala lokhakhala. Chitani izi: masulani mphete ya pamwamba ija, pomwe chitsulo chaching'ono chimalowera m'chachikulu. Nthawi zambiri imamasuka ndi dzanja. Ikakana, kulungani mphira wa chubu chakale kuti mugwire bwino, pulayala musayerekeze, mukanda chitsulo. Kwezani mpheteyo m'mwamba, pukutani zakuda zonse ndi kansalu koyera, pakani girizi watsopano pang'ono, mangani. Girizi akhale wopepuka, wa mtundu womwe amapaka m'mafoloko a njinga. Wolimba uja wa mabering'i a galimoto amachititsa chitsulo ulesi, ndipo oyilo wa injini amangoitana fumbi lina.

Ngati muli ndi mtima wautali, chotsani chitsulo chonse pa njinga, masulani kachipangizo ka pansi komwe kebulo imakoka ngati yanu ili nako pamenepo, n'kusolola zonse. Yalani chitenje pansi musanayambe, chifukwa mkati muli timapini ta mkuwa, kawirikawiri titatu, tating'ono kuposa kamtengo ka machesi. Ine kamodzi kanandigwera mu mchenga pakhomo, ndinasefa mchengawo ndi sefa ya ufa mayi a kunyumba akundiyang'ana ndi diso lija. Timapini timeneti timayenda m'timizere ta mkati kuti chishalo chisazungulire. Tikaperepeseka ndiye kugwedera kuja. Kugwedera pang'ono n'kwachibadwa, ngakhale zodula zimatero, ndipo ukakhalapo sukumva. Musataye nako nthawi pokhapokha kutakula.

Zoipa ndi za siponjizo. Mu katiriji muli oyilo mbali ina, mpweya mbali ina, pakati pali kapisitoni kolekanitsa. Oyilo sapanikizika, n'chifukwa chake chishalo chimalimba gwa ukachisiya pomwe wafuna. Mpweya ukazembera kumbali ya oyilo, ndi womwe umafinyika mukakhalapo. Pamenepo girizi sathandiza. Yang'anani kaye pansi pa chishalo, mutachotsa mabawuti awiri aja, ngati pali valavu yonga ya tayala la galimoto. Ikakhalapo ndiye kuti yanu imapopedwa, koma imafuna mpweya wopitirira 200 psi, ndiye pafunika kapampu ka mashokapu, osati pampu ya matayala. Kupopako kumathandiza kuti ikwere msanga, koma siponji sikuichotsa. Ngati palibe valavu, mankhwala ndi katiriji yatsopano basi. Ubwino wa zotchipazi ndi umenewo: katiriji imatuluka yonse ngati batire la tochi, n'kuika ina. Vuto ndi kuipeza kuno kwathu.

Nachisale_wa_njinga:

Ndiwonjezere pa zomwe anena akuluwa. Musanamasule chilichonse, yesani kaye bawuti ya kalampu ya pa felemu, ija imagwira chitsulo cha chishalo. Anthu timamanga ngati tikumanga wilo ya ngolo, ndiye chitsulo chakunja chimafinyika, chamkati n'kumalephera kuyenda. Imafuna mphamvu yochepa, cha m'ma 5 Nm, kungoti chisaterereke. Yanga inkaima pakati chimodzimodzi, ndinangobweza bawutiyo pang'ono, basi yachira.

Onaninso kebulo. Ndi wamba, yomweyo ya magiya, imapezeka kulikonse. Ikachita dzimbiri kapena ikakhwepa, valavu ya mkati mwa katiriji, yomwe imatsegulira oyilo njira mukakanikiza kaliva, simatseguka yonse. Ikakokeka kwambiri, valavu simatsekeka, chishalo n'kumatsika chokha mpaka pansi.

Koma ndikufunseni achimwene, njingayo mumaisunga bwanji? Mumainyamula pogwira chishalo chili chotsitsa?

wa_ku_Senga:

Achemwali mwandigwira. Usiku ndimaikoleka pa chingwe cha pa phaso m'chipinda chosungira katundu, chingwecho chimakola mphuno ya chishalo, ndipo ndimatsitsa dala kuti isatenge malo. Pokweza pa minibasi kupita ku tauni anyamata amagwiranso pomwepo.

Nachisale_wa_njinga:

Ndiye mwaipha nokha pang'onopang'ono. Mukakoka chishalo chili pansi valavu ili yotseka, mkati mumakhala ngati jakisoni amene mwatseka kukamwa n'kukoka, ndiye mpweya umayamwidwa kudutsa kapisitoni kaja. Muzisunga chili pamwamba, ndipo ponyamula muzigwira felemu.

wa_ku_Senga:

Ndabwera ndi lipoti. Dzulo madzulo ndinayala chitenje pakhonde monga ananenera akulu a ku Dwangwa. Bawuti ya kalampu inalidi yomangitsa, ndinachita kupondera sipanala. Pansi pa mphete ndinapeza zakuda zokhakhala zodzadza kasupuni ka tiyi, mchenga weniweni wa kunyanja. Girizi wopepuka ndinapempha kwa mnzanga wokonza njinga zamoto. Pano ndikakanikiza kaliva chimakwera mpaka kumveka kho! pamwamba.

Valavu yopopera ija palibe, ndipo siponji ija ikadalipo. Ndakweza chitsulo chonse pang'ono kuti ndikakhalapo chizifika pomwe mwendo umafuna, ndikusamala kuti mzere wa pa chitsulocho wosonyeza malire okwezera usatuluke mu felemu. Ndajambula manambala a pa katiriji n'kutumizira alamu pa WhatsApp, akuti ayang'ana m'mashopu akumeneko asanabwere.

A Kabaza, chakale chija sindinataye, chili pansi pa bedi. Koma Loweruka bwerani ndi yanuyo ku phiri, ndikakudikirani pansi.